Makaniko wapeza timavuto pa galimoto yomwe mukufuna kugula? Chitani izi musanapereke ndalama

Galimoto yoyendapo kale yopanda vuto ngakhale limodzi simudzaipeza. Kaya yangofika kumene kuchokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, kaya yakhala zaka ikulimbana ndi zithaphwi za ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa kuno ku Mzuzu, makaniko wodziwa ntchito akaiona kunsi amatulukako ndi mndandanda. Apa m'pamene ogula ambiri amasochera. Ena akangomva kuti oilo akudontha amatembenuka, n'kusiya galimoto yabwinobwino chifukwa cha gasiketi yotsika mtengo. Ena mtima umakhala utapita kale, ndiye wogulitsa akati "zazing'ono izi bwana, ntchito ya ola limodzi," amapereka ndalama yonse, mwezi usanathe galimoto ili pa miyala ku galaja.

Ine ndimaima pa mfundo imodzi. Vuto tilitche laling'ono pokhapokha gwero lake laoneka ndi maso, ndipo mtengo wolikonzera wafunsidwa n'kulembedwa. Ziwirizi zisanachitike, kukula kwa vutolo sikunadziwike, ndipo ndalama zanu zikhale kaye m'thumba.

Choyamba: mndandanda ulembedwe ndi makaniko wanu

Makaniko akhale woitanidwa ndi inu, ndipo mumulipire kaya mugula kaya simugula. Wobwera ndi wogulitsa, kapena mnzake wa dobadoba amene wakulozerani galimotoyo, ali ndi kumene akudyera. Chilichonse chomwe wapeza alembe papepala, inu muzijambula pa foni. Pa chinthu chilichonse mufunseni mafunso atatu: chawonongeka kwenikweni n'chiyani, chachititsa n'chiyani, nanga chingadikire mpaka liti. Akangoti "mabushi" musakhutire. Mabushi ati, a mbali iti, ang'ambika kapena angouma?

Ngati galimoto inaonedwa itaima pabwalo injini ili yotentha kale, kuonako sikunathe. Pemphani kuti muipeze m'mawa isanalizidwe. Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu, makamaka mu Juni ndi Julayi, kuli kumbali yanu: batire lofooka limadziulula, injini yotopa imavuta kulira kapena imagogoda kwa kanthawi, ndipo utsi umaoneka bwino. Gwirani boneti musanalize. Ikakhala yofunda, wina wakuyambirirani.

Kenako ikwere pa dzenje kapena pa makina onyamulira ku galaja. Mvula ya kuno imatenga nthawi, ndipo matope amamata kunsi konse n'kubisa dzimbiri ndi modontha, choncho itsukidwe kunsi kaye. Koma injini yomwe mwaipeza ikunyezimira, yotsukidwa dzulo lake, musaikhulupirire msanga. Yendani nayo theka la ola n'kuionanso, poti oilo wodontha amabwerera.

Poiyesa, msewu umodzi sukwana. Wa M1 kulowera ku Ekwendeni umaonetsa ngati chiwongolero chikunjenjemera kapena kukokera mbali galimoto ikathamanga. Mitsetse ya msewu wa ku Nkhata Bay imayesa mabuleki, ndipo pobwerera chitunda chimayesa giyabokosi ndi kutentha kwa injini. Msewu wafumbi wa m'makomboni, mawindo ali otsegula, wailesi ili chete, ndi umene umalankhulitsa zonse za kumiyendo.

Chachiwiri: gawani zomwe zalembedwa

Khalani pansi ndi pepalalo, wogulitsa ali apo, n'kuika chinthu chilichonse pagulu lake.

Pali zomwe zimatha ndi kuyenda basi: mapadi a mabuleki, mawaipa, mababu, mapulagi, batire, lamba wa pa injini, ma stabiliser link. Izi galimoto iliyonse imazidya, ndipo si chifukwa chothawira. Chofunika n'kuziyeza m'malo mongoziyang'ana. Mapadi akatsala mamilimita 3 kapena kucheperapo, asinthidwe. Batire labwino limawerenga pafupifupi mavoti 12.6 injini ili yozima, ndipo injini ikalira pazioneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikalira koma nambala osakwera, vuto lili pa alternator, kachipangizo kotchaja batire, ndipo batire latsopano lidzatha chimodzimodzi.

Matayala muwapatse nthawi, chifukwa ndi amene amadya ndalama yambiri pagululi. M'mizere ya tayala muli timizere topingasa tosonyeza malire a mamilimita 1.6, mano akafanana nato, tayala latha. Onaninso msinkhu wake. Pambali pa tayala pali manambala anayi otsiriza pa mzere woyamba ndi DOT: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limatha kukhala ndi mano okongola koma mphira wake utauma ndi kung'aluka. Magalimoto ena a ku Japan amabwera ndi matayala a nyengo ya chipale, olembedwa STUDLESS, okhala ndi timing'alu tambirimbiri pa mano. Mphira wake ndi wofewa, ndipo pa phula lotentha la ku Karonga kapena ku Nkhotakota amatha msanga. Wogulitsa akamawatamanda kuti ndi atsopano, inu muwawerenge ngati oyenera kusinthidwa posachedwa.

Pali zomwe zingakugwetseni pa COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) kapena kukulipiritsani chindapusa pa rodibuloko ya pa Dunduzu: nyali ndi ma indicator osayaka, hutala yosalira, malamba a pampando osagwira, handibuleki yosagwira, ma reflector osowa, kusowa kwa mathirayango ndi chozimitsira moto. Onani m'buti ngati muli tayala la sipeya, jeke ndi sipanala ya mawilo, poti magalimoto ambiri atsopanoko a ku Japan amabwera ndi kabotolo komatira pankichala m'malo mwa tayala. Pagululi chokwera mtengo ndi galasi lakutsogolo. Mng'alu ukakhala pamaso pa dalaivala kapena ukamayenda, werengani galasi lonse.

Pali zongokhudza maonekedwe: zokalika pa penti, mpando wong'ambika, wailesi ya ku Japan yomwe imalekezera pa 90 FM n'kuphonya mawailesi ambiri a kuno. Zilembeni, koma zingadikire chaka.

Zotsala ndi zomwe makaniko walemba chizindikiro chokha, gwero osalitchula. Zimenezi ndi zomwe zimagwetsa anthu.

Chachitatu: tsatirani chizindikiro mpaka pa gwero lake

Tiyambe ndi oilo. Mawu akuti "ikudontha pang'ono" akhoza kunena zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Oilo wonyowetsa pamwamba pa injini, m'mphepete mwa chivundikiro chake (tappet cover), nthawi zambiri ndi gasiketi youma, ntchito yachidule. Oilo wotuluka pomwe injini yakumana ndi giyabokosi ndi oil seal ya kumbuyo. Kachipangizo kake n'kotsika mtengo, koma kuti akafikepo amatsitsa giyabokosi yonse. Oilo amatsika, ndiye pomwe akudonthera si pomwe akuchokera. Makaniko apukute, muyende nayo, kenako afufuze ndi tochi kuyambira pamwamba.

Madzi ochepa mu lediyeta ndi chizindikiro chomwe sindichilola kudutsa popanda yankho. Madziwo anapita kwinakwake. Akhoza kukhala paipi yong'aluka, chitsekero chotopa kapena water pump, zonse zokonzeka. Akhozanso kukhala head gasket, gasiketi ya pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake, ndipo apo nkhani yasintha. Injini ili yozizira, makaniko atsegule lediyeta, alize, n'kuona ngati mukutuluka thovu losalekeza. Yotentha musaitsegule, madziwo amawotcha koopsa. Onani ndodo yoyezera oilo: oilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti wasakanikirana ndi madzi. Koma samalani pano. Kuno kozizira, galimoto yongoyenda timaulendo tam'tauni imatha kukhala ndi kathovu koyera pansi pa chitsekero cha oilo chifukwa cha chinyezi chabe, ndipo nthunzi yoyera m'mawa ndi yachibadwa ngati ikutha injini ikatentha. Utsi woyera wosatha, kapena wobiriwira ngati mtambo wosonyeza kuti injini ikuwotcha oilo, umenewo suli pagulu la zazing'ono. Mukapeza kuti thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, inachotsedwa kapena fani inalumikizidwa kuti izizungulira nthawi zonse, funsani chifukwa, poti kawirikawiri wina ankalimbana ndi injini yotentha.

Nyali za pa dashibodi zili ndi mayeso ake osavuta. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, nyali ya check engine, ya ABS, ya airbag ndi ya oilo ziyake zonse, kenako injini ikalira zikhale zitazima zonse. Yomwe siyaka n'komwe ndi yokayikitsa kuposa yomwe yakana kuzima, chifukwa babu akhoza kuchotsedwa kapena kumatidwa. Check engine ikayaka, musavomere mawu akuti "ndi sensa chabe." Ipite pa kompyuta, ndipo khodi muilembe nokha. P0300 ikunena kuti injini ikuphonya, zomwe zingakhale mapulagi kapena makoilo. P0171 ikunena kuti mpweya wachuluka kuposa petulo, mwina paipi yaboola kapena sensa yada. P0420 ikuloza catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi cha pa ekizosi, ndipo apo makaniko aone ngati ilipo n'komwe, poti zambiri zimachotsedwa n'kugulitsidwa. Khodi imangoloza dera, makaniko ndi amene ayenera kutsimikiza. Kompyuta yabwino imaonetsanso ngati makhodi afufutidwa posachedwa; zikatero yendani nayo mtunda wautali n'kuiyikanso. Nyali ya airbag ikamayenda limodzi ndi penti wosiyana kutsogolo, ganizirani za ngozi. Pa magalimoto a hybrid monga Toyota Aqua ndi Prius, chenjezo lililonse la hybrid system lionedwe ndi munthu wodziwa zimenezo musanakambe n'komwe za mtengo.

Kumiyendo, phokoso lakuti gudugudu pa mabampu nthawi zambiri ndi ma link kapena mabushi, zosadetsa nkhawa. Ball joint (mfundo yogwira wilo) kapena tie rod end (yolumikiza chiwongolero ku wilo) yosewera ndi yotsikanso mtengo, koma siyodikira, poti ikathothoka wilo limagona kapena chiwongolero chimasiya kumvera. CV boot, kamphira kophimba joint ya ku wilo, kakang'ambika posachedwa mumangosintha iko ndi girizi. Zungulitsani galimoto pang'onopang'ono chiwongolero chili kumapeto. Mukamva kuti tatatata, matope analowa kale ndipo joint yonse yapita.

Tayala lodyeka mbali imodzi, kapena galimoto yokokera kumanzere, wogulitsa amati ndi alignment basi, kutanthauza kuwongola kaimidwe ka mawilo. Mwina ndi zoona. Njira yodziwira n'kuipititsa ku alignment musanagule. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi zomwe ikuululireni. Akalephera kuiwongola ngakhale zitsulo zonse zili zolimba, china chake chinapindika. Pamenepo onani mabawuti ogwira boneti ndi mafenda ngati anamasulidwapo, mipata ya zitseko ngati ikufanana mbali zonse, ndi zowotcherera pa chasisi. Ngati galimoto ili ndi pepala la okushoni ya ku Japan, giredi R kapena RA imatanthauza kuti inakonzedwapo itachita ngozi.

Giyabokosi yogwedeza, yochedwa kugwira mukaika D kapena R, kapena yolira ngati mluzu, anthu amakonda kunena kuti ikungofuna oilo. Sienta, Axio, Vitz, Honda Fit ndi Nissan Note zambiri zili ndi giyabokosi ya CVT, yomwe imafuna oilo wakewake. Ikathiridwa oilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki (ATF) imawonongeka, ndipo oilo watsopano sabweza zomwe zadyeka kale. Ngati wogulitsa akutsimikiza kuti ndi oilo, asinthe ndi ndalama zake, inu mudzayesenso pa chitunda itatentha. Kugwedezako kukapitirira, isiyeni.

Kapeti wonyowa kapena fungo la chinyezi zikhoza kuchokera ku kapaipi ka AC kotsekeka kapena mphira wa chitseko. Tukulani kapeti, onani malo a tayala la sipeya ndi njanji za mipando. Matope ouma ndi dzimbiri m'malo amenewa ndiye kuti galimoto inamirapo, ndipo zamagetsi zidzakuvutitsani mpaka kalekale. Dzimbiri la pamwamba pa zitsulo za kunsi limapalidwa n'kupakidwa. Koma magalimoto ochokera kumpoto kwa Japan, komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale, amatha kudyeka mkati. Makaniko abaye ndi sikuludiraiva pomwe pagwira miyendo. Chitsulo chikafumbutuka, palibe chokambirana.

Chachinayi: funsani mitengo tsiku lomwelo

Musadalire mtengo womwe makaniko akukumbukira. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo masipeya onse amachokera kunja, choncho mtengo wa miyezi itatu yapitayo ndi mbiri chabe. Tengani nambala ya chasisi, osati dzina la galimoto lokha, chifukwa Vitz ziwiri zooneka mofanana zimatha kukhala ndi injini zosiyana. Imbani kapena pitani m'mashopu awiri kapena atatu, ndipo pa chilichonse funsani ngati chilipo pa shelefu lero.

Funso limenelo ndi lalikulu kuno. Za Probox, Sienta ndi Corolla zambiri mumazipeza mu Mzuzu momwe muno. Za galimoto yosowa muyembekezera kuchokera ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Dar es Salaam, ndipo mtengo wotumizira ndi masiku omwe galimoto ikhale chiimire ziyenera kulowa m'masamu anu. Ngati mukuigula kuti izinyamula anthu kapena katundu, tsiku lililonse loima ndi ndalama yotayika.

Mudzauzidwa mitengo itatu: ya orijino, ya makampani ena, ndi ya zochotsa pa galimoto ina. Nyali, galasi lam'mbali, chitseko kapena alternator zochotsa kwina zilibe vuto. Mapadi, ball joint, tie rod end ndi lamba gulani zatsopano za kampani yodziwika. Masensa ndi makoilo otchipa kwambiri ndimawakana, chifukwa nyali ya check engine imabweranso. Kumbukirani kuti mashoko ndi mapadi amasinthidwa mbali zonse ziwiri, ndipo mukakhudza tie rod end alignment ikutsatira. Onjezani ndalama ya makaniko pa ntchito iliyonse, kenako ikaniponso kena pamwamba, poti akamasula amapeza bawuti lodukira kapena disiki yodyeka yomwe sinaoneke.

Mukaphatikiza zonse, yerekezani mtengo wa galimotoyo kuphatikizapo zokonza ndi mtengo wa ina yofanana nayo yomwe ilibe mavutowo. Zikafanana, kutchipa kwake kunali kwa pakamwa.

Chachisanu: kambiranani pepala lili m'manja

Musanyoze galimoto ya munthu. Amene wanyozedwa amauma mtima, ndipo Mzuzu ndi waung'ono, mudzakumananso pa maliro kapena ku tchalitchi. Lankhulani motere: "Achimwene, galimoto ndaikonda ndipo ndalama ndili nayo. Koma taonani pepalali. Matayala awiri, mapadi, CV boot ndi galasi, mitengo yake ndi iyi, ndafunsa lero. Tichotse zimenezi pa mtengo, tikasainirane." Ngati ndi munthu wamkulu, "bambo" kapena "mayi" patsogolo, ndipo muwapatse mpata ayankhe.

Musayembekezere kuti achotsa zonse. Galimoto ya zaka khumi siyigulitsidwa ngati yatsopano, ndipo zokalika pa bampala zinalowa kale mu mtengo. Limbikirani pa zokhudza chitetezo, za COF, ndi zomwe sanakuuzeni poyamba. Zamaonekedwe muzisiye mwaulemu, iyenso aone kuti mwamusiyirako.

Pa zomwe gwero ndi mtengo wake zadziwika, ine ndimalangiza kuti mtengo utsike, mukakonzetse nokha. Wogulitsa akamakonza galimoto yomwe ikuchoka m'manja mwake amasankha chotchipa, ndipo sindimudzudzula, koma amene adzatsike nayo Chiweta ndinu. Pa zomwe gwero silinadziwike, monga nyali ya check engine, madzi osowa kapena giyabokosi, zikhale mosemphana: akonze iye musanalipire, ku galaja yomwe mwagwirizana nonse, makaniko wanu adzaonenso. Mukalandira kuchotsera pang'ono pa vuto losadziwika kukula kwake, mwagula vutolo lonse.

Akati "tengani kaye, sipeya ikubwera sabata yamawa ndidzakuikirani," kumbukirani mawu a akulu aja akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ngati mukufunadi kuitenga, sungani gawo la ndalama loposa mtengo wa ntchitoyo mpaka itachitika. Ndipo wogulitsa akakana kuti ipite pa dzenje, pa kompyuta kapena ku alignment, kapena akayamba kukuthamangitsani kuti wina akubwera ndi ndalama masana, thokozani n'kunyamuka.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani, ndipo mapepala muwaone ngati mbali ya galimoto

Mgwirizano ulembedwe: mayina ndi manambala a ziphaso za nonse, nambala ya galimoto, ya chasisi ndi ya injini, makilomita omwe ikuwerenga, mtengo, zomwe zaperekedwa ndi zotsala. Mavuto onse opezeka alembedwe limodzi ndi amene akonze ndi tsiku lake. Chikole chikaperekedwa, palembedwe kuti chibwezedwa ngati kuyesanso kwapeza vuto lalikulu. Pakhale mboni mbali zonse, ndipo kulipira kudzere ku banki kuti pakhale umboni.

Pa mapepala palinso timavuto tomwe timatchedwa tating'ono. COF kapena inshuwalansi yotha ndi yaing'onodi, mungowerengera mtengo wake. Koma dzina la pa blue book likakhala la munthu wina, musamve zakuti "ndi achimwene anga ali ku Joni." Kusintha umwini ku Road Traffic kumadutsa mu MalTIS, dongosolo lawo la pa kompyuta, ndipo kumafuna mwini wake wolembedwayo komanso khadi lanu la Traffic Register. Nambala ya chasisi ya pa chitsulo ifanane ndi ya papepala, chilembo ndi chilembo. Injini ikakhala kuti inasinthidwa, pakhale mapepala ake. Galimoto yomwe sinalembetsedwe, kapena yomwe inalowa mosalipira msonkho pa chilolezo chapadera, tsimikizani ku MRA kuti palibe ngongole, ndipo apolisi oona za kubedwa kwa magalimoto aione. Pitani nokha limodzi ndi wogulitsa, madobadoba a pageti muwadutse, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe umwini ukamasinthidwa.

Chomaliza: konzani motsatana bwino

Galimoto ikafika pakhomo, mtima umathamangira wailesi, tinti ndi marimu. Ndalama yomwe munachotsetsa ija ili ndi ntchito yake, ndipo iyambe sabata yomweyo. Mabuleki, matayala, ball joint ndi tie rod end zikhale zoyamba, pamodzi ndi nyali ndi mawaipa, poti nkhungu ya ku Chikangawa siyifuna nyali imodzi. Za kumiyendo zikatha m'pamene muchite alignment, ndipo matayala atsopano aikidwe nthawi yomweyo kuti asayambe kudyeka mbali.

Kenako zamadzimadzi zonse, ngakhale wogulitsa atalumbira kuti sevisi inachitika: oilo wa injini ndi fyuluta yake, coolant weniweni m'malo mwa madzi a pampopi, ndi brake fluid, yemwe amayamwa chinyezi ndipo amafunika kusinthidwa pafupifupi zaka ziwiri zilizonse. Brake fluid wakale amawira pa mtsetse wautali, phazi n'kungolowa pansi, ndipo mitsetse yotere kuno tili nayo mbali zonse. Funsani ngati injini yanu ili ndi timing belt (lamba) kapena tcheni. Injini ya mtundu wa 1NZ yomwe ili mu Probox ndi Sienta zambiri ili ndi tcheni, koma ngati yanu ndi ya lamba ndipo palibe umboni wa tsiku lomwe anasinthidwa, sinthani. CV boot yong'ambika ndi modontha madzi zisadutse mwezi. AC, zokalika ndi wailesi zibwere ndalama ikapezeka.

Pokonzetsa, masipeya gulani nokha kapena pitani limodzi ndi makaniko, ndipo zakale zomwe zachotsedwa akupatseni m'manja. Sungani malisiti ndi kabuku kolembamo tsiku, makilomita ndi ntchito yomwe yachitika. Mudzakafuna pa sevisi yotsatira komanso tsiku lomwe mudzagulitse. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100 mawilo atamasulidwapo, manganinso manati. Usiku yalani katoni pansi pa injini kwa sabata imodzi, m'mawa muziona ngati padontha kanthu ndi mtundu wake, ndipo muziyang'ana oilo ndi madzi injini isanalire. Zikakhazikika kwa sabata imeneyo, bwererani pa kompyuta kamodzi kuti muone ngati khodi ina yabweranso musanaitenge ulendo wa ku Karonga kapena ku Lilongwe.